Mmene mungawongolere piezo ndi waya wa nitinol kuti ziime pamalo enieni

Mukapatsa piezo, kachipangizo kolimba kamene kamatalika pang'ono kakalandira magetsi, mavolti 50 kawiri, musayembekezere kuti iima pamalo amodzi kawiri konseko. Mukafika pa 50 pokwera kuchokera pa 0, imatalika mlingo winawake. Mukafika pa 50 yemweyo potsika kuchokera pa 100, mupeza kuti ndi yaitali kuposa poyamba paja. Mukaisiya pomwepo osakhudza chilichonse, imapitirirabe kusendera yokha pang'onopang'ono. Waya wa nitinol, umene umafupika ukatenthedwa, nawonso uli ndi khalidwe lomweli, kungoti iwo umamvera kutentha osati voliteji. Zipangizo zimenezi zimasunga mbiri ya kumene zachokera, moti nambala imene mwalamula pa kompyuta si malo amene chinthucho chafika. Malowo muyenera kuwayeza, ndipo zonse zimene ndifotokoze pano zikuchokera pamenepo.

Nanga n'kuvutikiranji nazo pamene mota ndi magiya zilipo? Giya ili ndi mpata pakati pa mano, sikulu imagwira kenako n'kudumpha, ndipo mukatsikira ku miyeso ya micron, yomwe ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita, timipata timeneti timaposa ulendo wonse umene mukufuna kuyenda. Piezo ilibe chogudubuzika kapena chokhulana, ndi chinthu chimodzi cholimba chimene chimadzitambasula. Jacques ndi Pierre Curie anazindikira mu 1880 kuti miyala ina monga quartz imatulutsa magetsi ikafinyidwa, ndipo chaka chotsatira anatsimikizira zimene Gabriel Lippmann ananena, zoti ikapatsidwa magetsi imasinthanso kukula. Mu 1981 Gerd Binnig ndi Heinrich Rohrer a ku IBM ku Zurich anayendetsa kansonga ka maikulosikopu yawo pamwamba pa maatomu ndi piezo yomweyi. Nitinol ndi chisakanizo cha nickel ndi titanium chimene William Buehler ndi anzake anapanga ku Naval Ordnance Laboratory ku America, ndipo khalidwe lake lobwerera mmene linalili likatenthedwa linadziwika chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960. Masiku ano waya wake woonda kuposa tsitsi amasuntha galasi la kamera m'mafoni ena.

Manambala atatu musanagule kanthu

Lembani mtunda umene chinthucho chiyenera kuyenda, mphamvu imene chiyenera kukankha, ndi maulendo angati pa sekondi. Manambala atatuwa amakusankhirani okha chipangizo.

Piezo ya timagawo tosanjikizana, imene ogulitsa amaitchula kuti stack, imapangidwa ndi mtundu wa dongo lowotcha lotchedwa PZT ndipo imatalika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a kutalika kwake. Ya mamilimita 20 imakupatsani ma micron ngati 20, osakwana n'komwe theka la kunenepa kwa tsitsi. Komatu kastack ka mamilimita 5 mbali zonse kamatha kukankha ndi mphamvu yofanana ndi kulemera kwa makilogalamu 80, ndipo kamayankha milisekondi isanathe. Waya wa nitinol amafupika pafupifupi 4 peresenti, ulendo waukulu kwambiri poyerekeza ndi piezo, koma amafuna sekondi kapena kuposa kuti azizire n'kubwerera. Kwa tebulo la maikulosikopu kapena kalilole wolozera laser, tengani piezo. Kwa chala cha loboti, chotsekera kapena kavalavu, nitinol ndiye woyenera. Zilipo zina, monga Terfenol-D yomwe imamvera maginito ndi mapulasitiki ofewa amene amafuna mavolti masauzande, koma woyamba kumene azisiye kaye.

Piezo: kuimanga ndi kuipatsa magetsi

Piezo zambiri zimafera pomanga, pulogalamu isanalembedwe n'komwe. PZT ndi dongo lowotcha. Imapirira kufinyidwa kwambiri, koma ikakokedwa, kupotozedwa kapena kukankhidwa cham'mbali imang'aluka pakati pa timagawo take. Choncho iyenera kukhala yopanikizidwa nthawi zonse ndi sipuling'i, kuti ngakhale ikabwerera mwamsangamsanga katundu amene ikukankha asaikoke. Sipuling'iyo ikhale yofewa, kuuma kwake kusapitirire gawo limodzi mwa magawo 10 a kuuma kwa piezo, chifukwa sipuling'i youma imadya ulendo. Mukakankha chinthu chouma mofanana ndi piezoyo, mumatsala ndi theka la ulendo basi. Katundu wongolemera, wosasintha, sadya ulendo, amangosuntha poyambira. Kunsonga ikani kampira kachitsulo kapena mutu wobulungira kuti mphamvu idutse pakati penipeni, ndipo tebulo liyende pa timikono tachitsulo topindika, tosemedwa m'chitsulo chimodzi ndi tebulolo, osati pa mabering'i.

Samalani zala. Piezo imasunga magetsi ngati kapasita, ndipo imatha kudzichaja yokha ikafinyidwa kapena kutentha kukasintha. Musanaigwire, lumikizani mawaya ake awiri kudzera pa resistor, osati kuwagunditsa mwachindunji, chifukwa kutulutsa magetsi onse kamodzi kumaigwedeza mpaka kuing'alula. Musapitirire voliteji imene wopanga walemba, makamaka kumbali ya negativu, kumene mavolti ochepa chabe opitirira malire amafafaniza dongosolo la mkati limene limaichititsa kutalika. Chinyezi nachonso ndi mdani wake ikakhala pa voliteji yokwera kwa nthawi yaitali.

Popeza ndi kapasita, yomwe ndi chosungira magetsi, piezo yongoima sidya magetsi kwenikweni, koma yoyenda mofulumira imadya. Apa m'pamene anthu amasankha ampulifaya yolakwika, poyang'ana mavolti okha. Werengani chonchi: karenti yapamwamba ndi 3.14 kuchulukitsa ndi maulendo pa sekondi, kuchulukitsa ndi capacitance (mlingo wa magetsi amene piezo imasunga, woyezedwa mu µF), kuchulukitsanso ndi voliteji yonse kuyambira pansi mpaka pamwamba. Stack ya 1.5 µF imene ikuyenda mavolti 100 maulendo 100 pa sekondi imafuna 47 mA. Mukakweza kufika maulendo 1,000, ikufuna 470 mA. Onjezanipo kambiri ndithu, chifukwa capacitance yolembedwa papepala amaiyeza pa voliteji yaing'ono, ndipo pa voliteji yaikulu imakwera. Ampulifaya ikaperewera karenti sidandaula, imangosandutsa mzere wa voliteji wokwera ndi kutsika mosalala kukhala wamakona, inu n'kumafufuza vuto mu pulogalamu.

Phokoso la magetsi limasanduka kunjenjemera kwa tebulo. Pa stack yathu ija ya ma micron 20 pa mavolti 100, volti imodzi ndi 0.2 micron, ndiye kuti phokoso la 10 mV ndi ma nanometer 2 (nanometer ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a micron). DAC, kachipangizo kosandutsa nambala ya kompyuta kukhala voliteji, ikakhala ya 12-bit imagawa ulendo wa ma micron 20 m'masitepe 4,096, iliyonse pafupifupi ma nanometer 5, pamene ya 16-bit ili ndi masitepe 65,536, iliyonse 0.3 nanometer. PWM, njira yoyatsa ndi kuzimitsa magetsi mofulumira, ya pa kabolodi ka Arduino, ya masitepe 256 okha, musaibweretse n'komwe kuno.

Yezani kaye, musanalembe pulogalamu yowongolera

Gawo ili ndi limene anthu amalilumpha, pamene silitenga ngakhale ola. Ikani sensa yoyeza malo. Lamulani voliteji ikwere kuchokera pa 0 kufika pa 100 n'kutsikanso, pang'onopang'ono, ulendo umodzi pa masekondi 10. Maulendo awiri kapena atatu oyamba atayeni. Kenako jambulani voliteji cham'mbali, malo chokwera, kaya pa oscilloscope kaya pa kompyuta. Mudzaona mizere iwiri yokumana kunsonga zonse ziwiri koma yotalikirana pakati, wokwera uli pansi, wotsika uli pamwamba. Imeneyo ndiyo hysteresis. Yezani mpata pamene yatalikirana kwambiri. Kwa PZT wamba umakhala 10 mpaka 15 peresenti ya ulendo wonse, kutanthauza ma micron 2 kapena 3 pa stack imene munaigula pofuna ma nanometer.

Bwerezani kuyambira pa 30 mpaka pa 70 pokha. Mizere yatsopanoyi imagona mkati mwa yakale ija, ndipo ndi yopendekeka mosiyana. Apa m'pamene pali vuto lenileni. Ambiri amaganiza za chiwongolero cha galimoto yakale chimene umapotoza pang'ono matayala osamva, kenako n'kugwira. Chikanakhala chotero tikanangowonjezera nambala imodzi pokhota paliponse. Piezo imamva nthawi yomweyo mukabwerera, kungoti imayamba mwaulesi, ndipo ulesiwo umadalira pamene munakhotera komaliza ndi pamene munakhotera musanafike pamenepo.

Kenako yezani creep, kusendera kwapang'onopang'ono kuja. Lumphani ma micron 10 kamodzi, n'kusiya. Piezo imafika msanga, kenako imapitirira mbali yomweyo, 1 kapena 2 peresenti ya ulendowo nthawi iliyonse pamene nthawi yachuluka ka 10: pang'ono pakati pa sekondi 1 ndi 10, mlingo womwewo pakati pa 10 ndi 100, womwewonso pakati pa 100 ndi 1,000. Ngati mukujambula chithunzi cha mphindi 5, zimenezi zimaoneka ngati mizere yopindika kumayambiriro kwa chithunzicho.

Chomaliza, mangani katundu weniweni amene tebulo lizinyamula, lumphani kasitepe kakang'ono, ndipo muyang'anitsitse zimene sensa ikuonetsa m'mamilisekondi oyamba. Tebulo limapitirira, kubwerera, kupitiriranso, mpaka kukhazikika. Yezani nthawi kuchokera pansonga ina kufika pa inzake. Ikakhala mamilisekondi 2, resonance yanu, liwiro limene tebulo limanjenjemera nalo lokha, ili pa 500 Hz, kapena kuti maulendo 500 pa sekondi. Nambala imeneyi ilembeni pamalo oonekera, chifukwa ndi imene ikulamulireni liwiro.

Njira zothana ndi hysteresis zilipo zingapo, ndipo sizifanana phindu. Yosavuta kwambiri ndiyo kufikira malo aliwonse kuchokera mbali imodzi: mukafuna kutsika, tsikirani pa 0 kenako mukwere. Pa ntchito yobwerezabwereza njira imodzimodzi, zimenezi zimakwana. Ina ndiyo kuwongolera chaji m'malo mwa voliteji, popeza kutalika kwa piezo kumatsatira chaji mowongoka kwambiri, moti mpata uja umatsika kufika pa 1 kapena 2 peresenti. Vuto lake n'lakuti chaji imadontha, ndiye poima nthawi yaitali njirayi imasochera. Palinso masamu oyerekeza khalidwe la piezo n'kulitembenuza, monga a Preisach amene anayambira ku maginito mu 1935, kapena a Prandtl-Ishlinskii amene amatembenuzika mosavuta. Amagwira ntchito ndithu, koma kutentha kukasintha kapena katundu akasintha muyenera kuyezanso. Kwa ine masamu amenewa ndi othandizira sensa pamene mukufuna liwiro, osati olowa m'malo mwake. Ngati malo ali ofunika, ikani sensa ndipo pulogalamu izikonza cholakwika nthawi zonse.

Sensa ya strain gauge imamatidwa pa stack pomwepo. Ndi yaing'ono komanso yosavuta, koma imakuuzani mmene stack yatalikira, osati pamene tebulo lafika. Ya capacitive imayang'ana tebulo lenilenilo popanda kulikhudza ndipo imaona ngakhale zochepera nanometer. Iikeni pamzere umodzi ndi malo amene mukugwirirapo ntchito. Lamulo limeneli analilemba Ernst Abbe mu 1890, ndipo masamu ake ndi achidule: sensa ikakhala mamilimita 10 pansi pa nsonga yanu, tebulo n'kupendekeka ma microradian 10 okha, mwaphonya ndi ma nanometer 100 pamene sensa ikunena kuti zonse zili bwino.

Pulogalamu yake ndi yaifupi kuposa mmene anthu amaganizira. Pa mota voliteji imapereka liwiro, koma pa piezo imapereka malo, n'chifukwa chake pa zilembo zitatu za PID, njira yodziwika yokonzera cholakwika (P imayang'ana cholakwika cha nthawi yomweyo, I imachiwunjika, D imayang'ana liwiro limene chikusinthira), chimene chimagwira ntchito yaikulu ndi I. Yambani ndi iyo yokha. Pa kugunda kulikonse kwa timer, chotsani malo oyezedwa pa malo ofunika, chotsalacho muchulukitse ndi Ki, nambala yosonyeza mphamvu ya I, ndi kutalika kwa kugundako, muwonjezere pa voliteji imene inalipo, kenako muonetsetse kuti sinatuluke pakati pa 0 ndi 100. Timer ikhale yokhazikika, monga maulendo 10,000 pa sekondi, osati lupu yodikira kuti kompyuta imalize zina. Yambani ndi Ki yaing'ono, muzilumpha micron imodzi kupita ndi kubwerera, n'kumakweza pang'onopang'ono. Poyamba mzere umakwera mwaulesi, kenako umawongoka, kenako pamwamba pake pamayamba timafunde. Mukapitirira pamenepo tebulo limayamba kulira, kulira kwenikweni komveka ndi khutu, ndipo dzanja lanu likhale pafupi ndi switchi. Bwererani ku theka la Ki imene timafunde tinayambira. D isiyeni pa 0, imangokulitsa phokoso la sensa.

Mudzaona kuti liwiro limene mwapeza ndi kachigawo kakang'ono ka resonance ija. Mukafuna kuposa pamenepo, ikani notch filter, sefa yochotsa kunjenjemera kwa liwiro limodzi lokha, pa nambala munalemba ija, ndipo Ki idzalola kukwera kangapo. Kumbukirani kuti resonance imatsika katundu akalemera: kulemera konse koyenda kukachuluka ka 4, imatsika ndi theka, notch yanu n'kutsala pamalo opanda kanthu. Komanso musamalamule kulumpha kwa makona. Pulogalamu isalaze lamulolo kuti liyambe mofatsa n'kumaliza mofatsa, ndipo posesa uku ndi uku mubulungize makona a mzerewo. Zimenezi zokha nthawi zambiri zimachotsa kunjenjemera kumene anthu amalimbana nako masiku ambiri.

Siyani malo kunsonga zonse ziwiri. Pa stack ya ma micron 20 gwiritsani ntchito 15 apakati, kuti pulogalamu ikhale ndi voliteji yotsala yokonzera kusendera. Kusenderako kumachokera kwambiri ku kutentha: aluminiyamu ya mamilimita 100 imatalika ma micron 2.3 pa digiri imodzi iliyonse, chitsulo wamba pafupifupi theka la pamenepo, Invar pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 20. Kungoyika dzanja pa chimango kwa kanthawi kumaoneka pa sensa. Yatsani zonse, dikirani mpaka manambala akhazikike, vindikirani kuti mpweya usamawombepo, ndipo chimango chogwira sensa chikhale chachifupi mmene mungathere.

Waya wa nitinol pa chala cha loboti

Kuno ma nanometer aiwaleni. Waya akazizira amakhala mumkhalidwe wa martensite, wofewa, wotambasuka mukamukoka. Akatentha amalowa mu austenite n'kufupika mwamphamvu. Yekha sabwerera. Pamafunika sipuling'i, cholemera kapena waya mnzake womukoka pamene akuzizira.

Tiyerekeze kuti chingwe cha chala chiyenera kukokedwa mamilimita 8. Pa 4 peresenti mukufuna waya wa mamilimita 200. Titenge Flexinol, waya wa nitinol wa kampani ya Dynalloy, yonenepa 0.15 mm. Pepala lawo limapereka pafupifupi ma ohm 55 pa mita, kukoka kwa magalamu 320, ndi 410 mA kuti afupike pa sekondi imodzi mu mpweya wodekha. Waya wathu ali ndi ma ohm 11, ndiye akufuna mavolti 4.5. Sipuling'i yobwezera ikoke magalamu ngati 130. Kuzizira kumatenga pafupifupi masekondi 2. Tsono yerekezani ndi wa 0.25 mm, amene amakoka pafupifupi magalamu 890 koma amadya ampere yathunthu n'kutenga masekondi ngati 5 kuti azizire. Mukafuna mphamvu ndi liwiro pamodzi, ikani mawaya atatu oonda motalikirana pang'ono m'malo mwa mmodzi wonenepa. Sankhaninso waya wofupika pa madigiri 90 osati pa 70, chifukwa amayamba kubwerera akadali wotentha kwambiri kuposa mpweya, pamene kutentha kukutuluka msanga.

Sodala sagwira bwino pa nitinol chifukwa cha kakhungu ka oxide, ndipo kutentha kwa chowotcherera kumawononga kansongako. Palani kansongako ndi sandipepa wosalala, kalowetseni m'kachubu kachitsulo pamodzi ndi waya wa kopa, n'kufinya mwamphamvu. Kokani ndi dzanja kuti muone ngati sakutsetsereka, chifukwa waya wotsetsereka theka la milimita amaoneka ngati wafooka, inu n'kuwonjezera karenti mpaka kumupsereza. Ngati akudutsa pa kagudumu, kakhale kakakulu ndiponso kosadutsa magetsi, koma kopirira kutentha. Kachitsulo kamaba kutentha pamalo pamene kakhudza, ndipo gawo limenelo silifupika. Ikani choimitsa cholimba kuti sipuling'i isamutambasule mopitirira, ndipo pakati pa waya ndi chala ikani kasipuling'i kouma kamene kamagonja chala chikagwidwa ndi chinthu. Waya wotentha amene waletsedwa kufupika amadzikoka yekha mpaka kutambasuka kosabwereranso. Waya watsopano muyendetseni kaye maulendo makumi angapo ali ndi katundu wake, kenako mumangenso ndi kuyeza, chifukwa poyamba kutalika kwake kumasendera.

Pomupatsa magetsi, PWM ndi MOSFET, switchi yoyendera magetsi, yotha kutseguka ndi mavolti a bolodi lanu ndi zokwana. Kuno 490 Hz ya Arduino Uno ilibe vuto, popeza waya sangatenthe n'kuzizira pa liwiro limenelo, amangomva avereji. Ubwino wina ndi wakuti kutentha kumatsatira duty, gawo la nthawi imene magetsi amakhala oyaka, mowongoka, pamene mukamasintha voliteji kumakwera ka 4 voliteji ikachuluka ka 2. Gwero la magetsi musalisankhe lalikulu mopitirira. Ndi mavolti 5 waya wathu amafuna duty ya 80 peresenti, ndipo pulogalamu ikakakamira pa 100 muli ndi mpata wozimitsa. Ndi mavolti 12 amafuna 14 peresenti yokha, koma ikakakamira akulandira mawati 13 m'malo mwa 2, ndipo amawonongeka musanatambasule dzanja. Mavolti okwera amathandiza kufupika mofulumira, zoona, koma muyambe mwamaliza zotetezera.

Kuyatsa ndi kuzimitsa kokha n'kosavuta: karenti yokwanira mpaka chala chifike, kenako tsitsani kufika pa yongomugwira, yomwe ndi yocheperapo ndithu chifukwa waya sayamba kubwerera mpaka atazizira madigiri angapo pansi pa pamene anafupikira. Kuimitsa chala pakatikati ndiye ntchito. Ulendo wonse umachitika m'kampata kakang'ono ka kutentha, moti duty yokwera pang'ono imasuntha chala kwambiri. Katundu akalemera, kutentha kofunika kumakweranso. Ndipo mpweya ndi bwana: kungotsegula chitseko kapena kupumira pa wayayo kumatsitsa chala chimene chinaima bwinobwino. Musataye nthawi kulemba tebulo la duty ndi malo, silipirira tsiku limodzi.

Ikani sensa pa mfundo ya chala, kaya kamaginito ndi sensa ya Hall, kaya potentiometer yaing'ono. Kuno P ndi imene imatsogola, ndipo imatha kukhala yaikulu, I n'kubwera pambuyo kudzapeza karenti yogwirira. Chovuta n'chakuti muli ndi mphamvu mbali imodzi yokha. Mutha kutenthetsa mmene mukufunira, koma kuziziritsa mumangodikira. Chala chikapitirira malo, duty imagwera pa 0, ndipo masekondi onse amene mukudikira I imakhala ikuwunjika cholakwika. Chala chikafika, I imakhala itadzaza, waya amazizirabe, chala n'kupitirira kumunsi. Choncho imitsani I nthawi iliyonse duty ikagunda pa 0 kapena pa malire apamwamba. Ine ndimatsitsa dala liwiro pamene chala chikuyandikira, chifukwa kupitirira pang'ono kumalipiridwa ndi kudikira kwautali. Mawaya awiri okokana amathandiza kuti mukhale ndi mphamvu mbali zonse, koma musamawatenthetse onse nthawi imodzi, ndipo kumbukirani kuti wachiwiri akamakoka mnzake asanazizire onse awiri amavulala.

Pali njira yokopa yogwiritsa ntchito waya yemweyo ngati sensa. Akamafupika resistance yake imatsika, ndiye mukaika resistor yaing'ono, monga ya 0.5 ohm, pakati pa MOSFET ndi ground, mbali ya negativu ya magetsi anu, n'kumayeza voliteji ndi karenti pakati pa nthawi imene PWM yayaka, mumapeza resistance, n'kuyerekeza malo. Zimagwira bwino pamene katundu sasintha ndipo waya wavindikiridwa. Pa chala chimene chikugwira zinthu zosiyanasiyana ndimaidalira pa ntchito imodzi yokha, imene imaichita bwino kwambiri: resistance ikasiya kutsika, waya wamaliza kufupika, ndipo kutentha kulikonse kowonjezera kukungomukalambitsa. Pamenepo pulogalamu itsitse duty, kaya chala chafika kaya ayi. Poyezapo, mawaya oyezera voliteji alumikizidwe pa timachubu tofinya tija, chifukwa kusintha kumene mukufunafuna ndi ohm imodzi kapena awiri, ndipo mawaya aatali a kopa ndi zolumikizira zawo zimasokoneza nambala yaing'ono chotero.

Za batire musadzinamize. Pa magetsi onse amene mwapereka, ochepa kwambiri ndi amene amasanduka ntchito, ena onse amathera mu mpweya, ndipo kungogwira chinthu osasuntha kumadyabe karenti. Ngati chala chiyenera kugwira kwa mphindi zambiri, chipangeni kuti sipuling'i ndiyo itseke, waya azitsegula, kapena ikani kaloko kamene waya amangokatsegula kwa kanthawi.

Musanalumikize waya koyamba, ikani resistor ya 10 kΩ kuchokera pa gate, mwendo woyatsira MOSFET, kupita ku ground, kuti bolodi likamayambanso kapena mukamalowetsa pulogalamu yatsopano MOSFET ikhale yotseka. Mu pulogalamu ikani malire a duty, ndiponso malire a nthawi: chala chikapanda kufika pa masekondi 3, zimitsani, dikirani kuti waya azizire, kenako muonetse kuti pali vuto. Yatsani watchdog ya bolodi kuti pulogalamu ikakakamira iyambenso yokha, ndipo pa chingwe cha magetsi ikani fyuzi yongopitirira pang'ono karenti imene mwawerengera. Poyesa zonsezi ikani resistor ya ma ohm 10 yopirira mawati 5 pamalo pa nitinol, dulani dala waya wa sensa, ndipo muone pa mita ngati karenti yagweradi pa 0 masekondi atatuwo akatha.